Musanagule nkhunzi, funsani kaye pepala la DNA

Abale omwe muli kuno ku Joni, makamaka inu ogwira ntchito m'mapulazi ozungulira Johannesburg ndi inu amene mwayamba kusunga ng'ombe zanu pa puloti, nkhani ya DNA, malangizo a chibadwa omwe chiweto chimatengera kwa makolo ake, musamaione ngati ya mabwana okha ayi. Nkhunzi imatha kuoneka yonenepa pa okushoni chifukwa yadyetsedwa bwino miyezi ingapo, koma zomwe idzapatsire mathole ake diso silingazione.

Mu 2009 asayansi anawerenga DNA yonse ya ng'ombe, inali yaikazi ya mtundu wa Hereford, ndipo DNA yake ili ngati mndandanda wa zilembo pafupifupi 3 biliyoni. Akayerekeza DNA ya ng'ombe zambirimbiri amapeza malo omwe chilembo chimodzi chokha chimasiyana, malo amenewo ndi omwe amati ma SNP, ndipo chip (kachipangizo ka mu labu koyezera DNA) ngati BovineSNP50 imayeza malo oposa 50,000 kamodzin'kamodzi. Mmenemo ndi momwe mumadziwira ngati tholelo bambo wake alidi nkhunzi yomwe akukuuzaniyo, ngati mathole ake adzakula opanda nyanga, komanso ngati yabisa matenda akumtundu monga Pompe omwe amapezeka mu ng'ombe za mtundu wa Brahman, nkhunzi yake imaoneka yathanzi bwinobwino koma ikakumana ndi yaikazi yomwe nayonso ili nawo, thole limodzi mwa anayi likhoza kubadwa nawo n'kufa likadali laling'ono.

Kutenga sampulo sikovuta koma ambiri amalakwitsa pomwepo. Zulani ubweya wa kunsonga kwa mchira, tsitsi ngati 30 kapena kuposa, muzule ndithu osadula ndi sizasi, chifukwa DNA ili kumizu kuja. Ukhale wouma, wopanda ndowe, muuike mu envulopu ya pepala osati pulasitiki poti umachita nkhungu. Lembani nambala ya pakhutu nthawi yomweyo musanagwire ng'ombe ina, ndipo sambani m'manja, ubweya wa ng'ombe ziwiri ukasakanikirana ndalama yanu yapita pachabe. Labu ya University of Pretoria ku Onderstepoort imayeza zaubale wa ziweto, ndipo ngati ng'ombeyo ndi yolembetsedwa, monga za mtundu wa Bonsmara, wogulitsa akuonetseni mapepala a SA Stud Book, bungwe losunga kaundula wa ziweto zolembetsedwa.

Chomwe chimandiwawa ine ndi ng'ombe zathu za kumudzi. Ma chip oyamba anapangidwa poyang'ana kwambiri mitundu ya ku Ulaya, ndiye pa Malawi Zebu kapena Nguni samanena zambiri, pomwe ng'ombe zimenezi ndi zomwe zimapirira nkhupakupa ndi chilala. N'chifukwa chake ofufuza akuwerenga DNA ya ng'ombe za kuno ku Africa mwachindunji kuti apeze zizindikiro zakezake, monga ma SNP aja. Koma chizindikiro chimathandiza pokhapokha pali zolembedwa zoti achiyerekeze nazo. Choncho mukamatumiza ndalama kumudzi, uzani amene akuweta agule kope, azilemba tsiku lobadwa thole, mayi wake, nkhunzi yake, ndi nthawi yomwe ladwala.