Kusunga insulini mu mtsuko pakhomo lopanda firiji

Kuno ku Salima Okutobala akafika, nkhuku zimangoyasama kukamwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo m'nyumba ya malata masana simukhalika. Nyengo imeneyi ndi yomwe odwala shuga odzibaya insulini amachuluka kudandaula kuti, "Alangizi, ndikubaya monga mwa masiku onse koma shuga sakutsika." Nthawi zina vuto ndi kadyedwe, nthawi zina ndi malungo kapena chilonda chomwe chatukusira. Koma ine funso langa loyamba limakhala lakuti, kabotolo kamagona pati?

Mayi wina anandionetsa kake: anakakulunga m'kabuku ka kuchipatala n'kusomeka kudenga, kukhudzana ndi lata lenileni, ati kuopa ana. Nditakagwira kanali kofunda ndithu. Bambo wina wa kabaza ankayenda nako m'thumba la thalauza tsiku lonse, kupalasa pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay. Onsewa ankayesa akusamala mankhwala.

Insulini ndi puloteni, m'gulu limodzi ndi choyera cha dzira, ndipo monga dzira, ikapsa sibwereranso mwakale. Kuzizira mpaka kuuma gwa kumaiwononganso. Choipa chake n'chakuti nthawi zambiri siionetsa kuti yafooka. Mumangobaya madzi opanda mphamvu. Opanga mankhwalawa amati kabotolo kosatsegula kakhale mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo kotsegula kangathe kukhala kunja kwa firiji pafupifupi masabata 4 pamalo osapitirira madigiri 25 kapena 30, malinga ndi mtundu wake. Kunyanja kuno masana a Okutobala ndi Novembala amadutsa 30 mosavuta.

Musataye mtima msanga. Mu 2021 bungwe la madokotala othandiza pa mavuto la MSF ndi yunivesite ya Geneva anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotengera kutentha kwa kumsasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, komwe m'nyumba kumasinthasintha pakati pa madigiri 25 usiku ndi 37 masana. Anapeza kuti insulini imakhalabe ndi mphamvu kwa masabata 4. Chomwe imadana nacho kwambiri ndi dzuwa lowomba pakabotolo komanso kutentha kosalekeza usana ndi usiku. Choncho wopanda firiji asasiye kubaya. Apeze mtsuko.

Pamafunika mitsuko iwiri yadothi, waukulu ndi waung'ono woti ulowe mwa unzake n'kutsala mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Ikhale yosapaka penti kapena simenti, chifukwa ntchito yonse yagona pa thukuta lomwe dothi limachita: madzi akamatulukira kunja n'kuuma ndi mphepo, amachoka ndi kutentha, m'kati n'kuzizira. Ndi nzeru yomweyo yomwe imaziziritsa madzi akumwa a agogo. Ku Nigeria mphunzitsi wina, Mohammed Bah Abba, anafalitsa njira ya mitsuko iwiriyi kwa alimi a ndiwo zamasamba mpaka analandira nayo mphoto ya Rolex mu 2000.

Mumpata muja thiranimo mchenga wotsuka bwino, womwe kuno sitigula, ndipo muunyowetse m'mawa ndi madzulo. Kukatentha kwambiri onjezani masana. Mtsuko wam'katiwo ukhale wouma. Kabotolo kalowe kaye m'kachitini koyera kotsekeka bwino, kenako mu mtsuko, pamwamba n'kuvundikira kansalu konyowa. Ikani pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi mafuwa, pomwe mwana sangafike. Ngati mtsuko ulipo umodzi, thiranimo mchenga wonyowa mpaka pakati n'kukwiriramo kachitini, chivundikiro chili pamtunda.

Kuponya kabotolo m'madzi, kaya mu mtsuko wakumwa kaya m'kapu, ndimaletsa. Pepala la dzina limamatuka, tsiku lotha ntchito limafufutika, ndipo madzi akuda amakhala pakamphira pomwe singano imadutsa. Lembani tsiku lomwe mwatsegula, masabata 4 akakwana mukatenge kena. Dziwaninso kuti mvula ikayamba mpweya wa kunyanja umakhala wachinyezi, madzi sauma msanga, ndiye mtsuko suzizira ngati m'chilimwe. Nthawi imeneyo kuusendeza pamalo a mphepo n'kofunika kwambiri.

Kusungitsa kugolosale kwa aneba ndi bwino pokhapokha ngati ndi firiji wamba. Chifiriji chouma chija chosungira nsomba ndi mafirizesi ayi. Insulini yomwe inaumapo ndi yotaya, ngakhale isungunuke n'kuoneka bwinobwino. Paulendo, kulungani kachitini m'kansalu konyowa n'kuika m'chikwama. Mu minibasi pewani mpando wa pamwamba pa injini.

Musanabaye, kayang'aneni powala. Insulini yoyera ngati madzi ikachita mbuu kapena kusintha mtundu, musabaye. Ya mtundu wamkaka ija ipukuseni pang'onopang'ono pakati pa zikhato, osakhutchumula. Ikasiya timibulu kapena zoyera zomatirira m'mbali mwa galasi, yatha.

Thupi nalo limanena. Ludzu losatha, kudzuka kangapo usiku kukakodza, kufooka, kuwonda. Ena amati aona nyerere zitaunjikana pomwe anakodza. Chizindikiro chimenechi ndi chakale kwambiri: asing'anga a ku India anachilemba zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo mu 1674 dokotala wa ku England, Thomas Willis, analemba za kutsekemera kwa mkodzo wa odwalawa, nthawi yomwe kuyeza kunali kulawa ndi lilime. Ndikaganiza zimenezo ndimakalemekeza kamakina kobaya chala kaja. Koma musadikire nyerere. Shuga amayamba kutayikira mu mkodzo akadutsa pafupifupi 180 mg/dL m'magazi, kutanthauza kuti pofika nyerere zinthu zaipa kale.

Achinyamata ena amanyansidwa ndi jakisoni wa tsiku ndi tsiku, ndipo ndimawamvetsa. Ndimangowauza kuti isanafike 1922, mwana wopezeka ndi shuga wa mtundu woyamba kawirikawiri sankatha chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo chithandizo chomwe chinalipo chinali kumumana chakudya. Mu 1921 ku Toronto, m'dziko la Canada, Frederick Banting ndi Charles Best anayesa pa agalu madzi ochokera ku kapamba. Mu Januwale 1922 anabaya mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson. Jakisoni woyamba sanathandize kwenikweni chifukwa mankhwala anali osayeretsa bwino, koma James Collip atawayeretsa, wachiwiri anatsitsa shuga, ndipo mnyamatayo anakhala zaka zina 13. Banting, Best ndi Collip anagulitsa umwini wa mankhwalawa ku yunivesite ya Toronto pa dola imodzi aliyense, pofuna kuti wodwala aliyense awapeze. Mukafunsa mtengo wa kabotolo kamodzi kufamase lero, mumadabwa kuti cholinga chija chinathera pati. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona komwe mwalandira kuchipatala kakupsa kudenga. Tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, 14 Novembala, ndi tsiku lobadwa Banting, ndipo kuno limagwa pakati pa chitentho chenicheni.

Mukakayikira kabotolo kanu, musadzionjezere mlingo nokha. Mukazolowera mlingo waukulu pa insulini yofooka, tsiku lomwe mudzatsegule yatsopano shuga adzatsika modzidzimutsa: kunjenjemera, thukuta, chizungulire, ngakhale kukomoka kumene. Zikatero wodwala akadali maso, mupatseni masupuni atatu aang'ono a shuga m'madzi, kenako adye chakudya. Kabotolo kokayikitsako kanyamuleni pamodzi ndi kabuku kanu, mupite nako ku kliniki ya shuga ya pachipatala chomwe mumalandirira mankhwala, ndipo mukawauze komwe kamagona.