Momwe mungayezere ndi kusintha masipuling'i a mavalavu mu injini ya kagalimoto ka gofu

Kagalimoto ka gofu kakayamba kufooka pachitunda, kuphulika m'paipi ya utsi kapena kutsamwa mukakaponda kwambiri, ambiri amathamangira ku kabuleta. Nthawi zina vuto limakhala pa kasipuling'i kamene kamabweza valavu kuti itseke. Kakatopa, valavu imachedwa kutseka ndipo mphamvu imathawira pompo. Injini za Kawasaki za mu Club Car, za Robin za mu E-Z-GO ndi za Yamaha zonse zimatha kudwala matendawa.

Yambani injini itazizira. Chotsani waya wa negativu pa batire, ndipo musanyozere zimenezi: timagalimototi timalira munthu akangoponda pedulo kiyi ali oni, choncho bondo lanu lokha likhoza kuzunguza injini zala zili mkati. Kenako masulani pulagi ndi chivundikiro cha mavalavu. Tsekani ndi kansanza mabowo amene oyilo amatsikira.

Yang'anitsitsani masipuling'iwo muli ndi tochi. Yothyoka imaoneka, ya dzimbiri imaonekanso. Koma yotopa imaoneka bwinobwino ngati yatsopano, n'chifukwa chake iyenera kutuluka kuti iyezedwe.

Apa ndiye pofunika mtima. Mukachotsa sipuling'i palibenso chogwira valavu, ndipo ikagwera mu silinda mudzamasula hedi yonse, kutanthauza mutu wa injini. Zunguzani injini ndi dzanja mpaka mavalavu onse awiri atseke pisitoni ikukwera. Isanafike pamwamba, lowetsani chingwe chofewa cha nayiloni pabowo la pulagi, nsonga ina itsale kunja. Zunguzaninso pang'onopang'ono mpaka mumve kuti yalimba. Chingwecho chadzipinda pamwamba pa pisitoni ndipo chikuchirikiza mavalavu. Ena amapopera mpweya wa kompuresa, koma ine ndimakonda chingwe chifukwa sichitha mphamvu mukachedwa.

Chotsani rocker, kachitsulo kamene kamakankha valavu kuti itseguke. Valani magalasi oteteza maso, panikizani sipuling'i ndi chopanikizira chake, ndipo muona tizitsulo tiwiri tating'ono tokumbatira mutu wa valavu, timene amakanika amati ma cotter. Tichotseni ndi maginito. Mukatigwira ndi zala zamafuta timaterereka, ndipo kansanza kaja ndi kamene kangatiletse kulowa m'mimba mwa injini. Masulani chopanikizira pang'onopang'ono.

Yezani kutalika kwa sipuling'i ndi choyezera chotchedwa vernier caliper, muyerekeze ndi malire olembedwa m'buku la injini yanu, poti injini iliyonse ili ndi muyezo wake. Ikafupika kupitirira malirewo, yatha. Kenako iimikeni pagalasi pafupi ndi sikweya n'kuizunguza. Ikamapendekera mbali imodzi, idzadya njira ya valavu. Imodzi ikalephera, sinthani zonse ziwiri za silindayo, pakuti zagwira ntchito maola ofanana. Kalabala kotchinga oyilo pa valavu, ngati kalipo, kasintheni lomwelo.

Poika yatsopano, onani ngati mbali ina ili ndi mapindi othinana. Imeneyo iyang'ane pansi, ku hedi. Pakani girizi pang'ono pa ma cotter kuti amatirire pamalo pake, masulani chopanikizira, kenako gogodani pamwamba pang'ono ndi nyundo ya pulasitiki kuti akhazikike. Malizani valavu imodzi musanagwire inzake.

Bwezani injini m'mbuyo pang'ono, solani chingwe chonse, bwezerani rocker. Ikani pisitoni pamwamba penipeni mavalavu ali otseka, muyeze mpata wa pakati pa rocker ndi mutu wa valavu ndi kachitsulo kopyapyala koyezera kotchedwa feeler gauge. Pa injini ya Robin ya 295cc mpatawo ndi mamilimita 0.10, ndipo kachitsulo koyezera kazidutsa kakukhuza pang'ono, osati kuchita kukankhidwa. Chotsani kansanza kaja, ikani gasiketi yatsopano, ndipo musanalumikize batire zunguzani injini ndi dzanja kawiri, mukumvetsera ngati pali chogunda.