Chibowo kapena chigamba? Momwe timaweruzira mikangano ya Star Wars

Ine ndine telala, ndimasoka m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ina ku Mayfair muno mu Joni. Lamlungu masana ndikavundikira mashini ndimakwera takisi kupita kwa alamu anga ku Turffontein, komwe timakumana anthu 6, nsima ili pamoto, laputopu pa tebulo. Tinagwirizana zoonera mafilimu onse a Star Wars, ndipo pofika sabata yachitatu anthu anayamba kukwezerana mawu. Ena ati nkhaniyi ndi mabowo okhaokha, ena ati simukuimva. Mkangano wotere ndimaukonda, koma uzikhala ndi mutu. Nayi njira imene tinaipeza.

Yambani ndi pepala ndi cholembera, mulembe zaka zimene mafilimuwa anatuluka. Atatu oyamba ndi a 1977, 1980 ndi 1983. Kenako kunabwera a 1999, 2002 ndi 2005, amene amabwerera m'mbuyo kukafotokoza ubwana wa Anakin Skywalker ndi mmene anasandukira Darth Vader. Atatu omaliza ndi a 2015, 2017 ndi 2019. Onerani motsatira zaka zimenezi, osati manambala a ma episode. Chovala chikang'ambika ine ndimafuna kudziwa kuti ndi msoko uti unasokedwa pambuyo, chifukwa kawirikawiri ndi womwewo umene wakoka nsalu. Filimu ya 1983 singalakwire ya 2005, popeza ya 2005 inali isanabadwe.

Chachiwiri, tsimikizani kuti nonse mwaonera kope limodzi. Izi zinatigwetsa ife. Bambo wina wachikulire pagulu lathu anaonera filimu ya 1977 pa tepi ku vidiyo sho kumudzi kalekale, ndipo ankalumbira kuti mu bala muja Han Solo anawombera Greedo iye asanawombe n'komwe. Mphwanga anaonera pa Disney+, imene inafika ku South Africa kuno mu 2022, ndipo ankati ayi madala, Greedo anawombanso. Onse ankanena zoona. George Lucas, amene anayambitsa mafilimuwa, anasintha malo amenewa mu 1997, ndipo anasinthidwanso mu 2004 ndi pambuyo pake. Chimodzimodzi kumapeto kwa filimu ya 1983: mzimu wa Anakin poyamba anali Sebastian Shaw, munthu wamkulu, koma kuyambira pa DVD ya 2004 anaikapo Hayden Christensen, amene anasewera Anakin wachinyamata. Musanatche mnzanu wabodza, mufunseni kuti anaonera pati.

Ntchito yeniyeni ndi yosankha. Dandaulo lililonse limene munthu wabweretsa, lifunseni funso limodzi: kodi zinthu ziwirizi zingakhale zoona nthawi imodzi? Ngati sizingatheke, chimenecho ndi chibowo. Ngati zingatheke koma filimu sinafotokoze, ndi msoko wosamaliza chabe. Ndipo ngati filimu ina inabwera pambuyo kudzatseka malowo, ndi chigamba, ndiye mkangano usinthe, ukhale wakuti chigambacho chasokedwa bwino kapena ayi.

Chibowo chimene palibe amene wandisunthapo ndi cha mayi ake a Leia. Mu filimu ya 1983 Luke Skywalker amafunsa Leia, mlongo wake, ngati akuwakumbukira mayi ake omubereka. Leia amayankha kuti pang'ono, anamwalira iye ali wamng'ono kwambiri, anali okongola, okoma mtima, koma achisoni. Luke amati iye sakumbukira kalikonse. Ndiye mu 2005 tikuona Padmé, mkazi wa Anakin, akubereka mapasa Luke ndi Leia, akuwatcha maina, n'kumwalira pomwepo. Khanda la mphindi zochepa lingadziwe bwanji kuti mayi ake ndi okoma mtima? Alamu anga amati, "Alamu, ndi Force imeneyo, mwana anamva mumtima." Ndimawayankha kuti Luke ndiye anayamba kubadwa, naye Force, mphamvu yosaoneka ya m'mafilimuwa, ali nayo, nanga bwanji sanamve kanthu? Ena amati Leia ankanena mayi omulera a ku Alderaan, koma bwezani filimuyo mumvetsere funso la Luke, akutchula mayi enieni. Chimandipweteka n'chakuti mawu a Leia aja ndi okhudza mtima. Aliyense amene anataya mayi ali wamng'ono amadziwa kukumbukira kotero, nkhope yosaoneka bwino ndi fungo la chitenje. Filimu ya 2005 inawachotsera mawuwo pokhazikika.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pa Death Star. Amati zingatheke bwanji chombo chachikulu ngati mwezi kuphulika chifukwa cha kabowo ka mamita 2? Pamenepa palibe zotsutsana. Filimu ya 1977 yomweyo imaonetsa msilikali akuchenjeza Tarkin, mkulu wa chombocho, kuti aunika mmene adani akumenyera ndipo pali ngozi, koma Tarkin akukana kuchoka chifukwa chodzikuza. Makina aakulu kugwa chifukwa cha kanthu kakang'ono si zachilendo. Mashini anga amaima tsiku lonse chifukwa cha kasikuluwu kamodzi. Rogue One ya 2016, patapita zaka 39, inati Galen Erso, katswiri amene anathandiza kupanga chombocho, anaika dala chofookacho kuti abwezere amene anamugwira ukapolo. Ndi chigamba pamalo pamene sipanang'ambike, komabe nsalu yake ndi yabwino, ine ndimachilandira.

Zigamba zina zimaoneka ulusi. Mu 1977 Obi-Wan, mphunzitsi wokalamba wa Luke, amamuuza kuti Vader anapereka ndi kupha bambo ake. Mu 1980 Vader amaulula kuti bamboyo ndi iye mwini. Mu 1983 Obi-Wan amadziteteza kuti zimene ananena zinali zoona malinga ndi mbali imene waimira. Kwathu mkulu wotere timati wazembetsa nkhani, koma chigambachi chimagwira, chifukwa chimatipatsa munthu wokalamba amene anaopa kuuza mwana choonadi chowawa. Cha Han Solo chodzitama kuti anayenda njira ya mumlengalenga yotchedwa Kessel Run m'ma parsec osakwana 12 nachonso chimagwira. Parsec ndi muyeso wa mtunda, osati nthawi, choncho zinkamveka ngati dalaivala wa basi yochokera ku Park Station kupita ku Wenela akudzitama ndi makilomita pamene ife tikufunsa maola. Filimu ya Solo ya 2018 inaonetsa kuti anadula njira yachidule koma yoopsa. Amene tadutsa ku Beitbridge ndi ku Tete tikudziwa kuti njira imene wasankha ndiyo ulendo wako.

Za phokoso la mfuti mumlengalenga mopanda mpweya, musataye nazo nthawi. Dziko lake ndi la malupanga owala ndi mizimu yolankhula, ndipo lamulo limenelo silinasinthe kuyambira filimu yoyamba.

Gwirizananinso za umboni umene mukuulandira. Pali mabuku, makatuni ndi magemu ochuluka, ndipo Disney itagula Lucasfilm mu 2012, mabuku akale ambiri anaikidwa padera mu 2014 pansi pa dzina la Legends, kutanthauza kuti mafilimu atsopano sawatsatira. Ife tinati umboni ndi umene waoneka kapena kumveka mu filimu basi. Lamuloli linatithandiza pa filimu ya 2019. Palpatine, bwana wake wa Vader, tinamuona mu 1983 Vader akumuponya m'dzenje, Death Star yachiwiri n'kuphulika. Mu 2019 wabwerera, ndipo filimu imangotchula mwachidule za sayansi yamdima ndi kupanga matupi, n'kupitirira. Mphwanga anatulutsa foni kuti awerenge zimene buku lina linafotokoza, tinamuletsa. Kasitomala akabwera ndi jekete long'ambika, sindingamuuze kuti chigamba chake chili kunyumba m'kabati. Nkhani ya makolo a Rey, mtsikana amene ndi mwini nkhani m'mafilimu atatu omaliza, ilinso pomwepo: mu 2017 anali anthu wamba osadziwika, mu 2019 iye ndi mdzukulu wa Palpatine. Ziwirizi zikhoza kukakamizidwa kugwirizana, ndiye sindizitcha chibowo, koma msoko wake wakwinyika, ndipo ine ndinkakonda Rey wopanda mtundu wotchuka.

Zing'onozing'ono zothandiza: tchajani laputopu ndipo filimu muitsitsiretu, kuti magetsi akazima musalekeze pakati. Yatsani mawu olembedwa pansi, chifukwa mikangano yambiri imathera pa liwu limodzi. Munthu mmodzi agwire kope, wina akaona chokayikitsa angonena kuti "lembani", alembe mphindi yake, filimu ipitirire. Kukambirana kubwere mbale zitachotsedwa. Ndipo ngati pali woonera koyamba, tsekani pakamwa. Mwana wa alamu anga wa zaka 11 anaonera ya 1980 osadziwa kanthu, ndipo Vader ataulula, anaimirira n'kugwira mutu, kutiyang'ana mmodzimmodzi kuti timuuze kuti ndi bodza.

M'kope lathu mwatsala funso limodzi losaweruzidwa. Pofuna kubisa Luke kwa bambo ake, anakamusiya ku Tatooine komwe Anakin anakulira, kwa Owen Lars wa pabanja pomwepo, dzina la Skywalker osasintha, pamene Leia anamupatsa dziko lina ndi dzina lina. Alamu amati Vader sakanapondanso kumeneko chifukwa n'kumene mayi ake Shmi anafera m'manja mwake mu filimu ya 2002, komanso ankakhulupirira kuti mwana anafa pamodzi ndi Padmé. Mfundo yachiwiriyo yandigwira pang'ono. Lamlungu likubwerali tibwereza mphindi zomaliza za filimu ya 2005 kuti timve bwino zimene Palpatine anamuuza Vader atangovala chigoba.