Kaunjika m'mawa, zaluso masana: mmene mungalipindulire Loweruka la mu Blantyre ndi kandalama kochepa

Anthu ambiri amati mu Blantyre mulibe zochita ukakhala ulibe ndalama yambiri, ine ndimakana ndithu. Zochitika zilipo, zovala zabwino zotchipa zilipo, vuto ndi loti ambirife timafika mochedwa, tsiku lolakwika, kenako timanenerera mtengo pamalo posayenera kunenerera. Ndiye tiyeni tiyambe ndi kaunjika poti ndi amene amafuna kulawirira.

Mukafuna zabwino dzukani m'mamawa mukafike ku Limbe kapena ku Ndirande mavenda akungomasula kumene belo. Nthawi imeneyo ndi imene pamatuluka za namba wani, zija zoti zina zikadali ndi kapepala ka kusitolo, ndipo amene amazitola ndi anthu a mabutiki a m'tauni, amakazichapa, kuzisita, kuzipachika pa hang'ala nkukugulitsani inuyo katatu mtengo wake. Dziwani kuti belo likangotsegulidwa mtengo umakhala wokwera, wogulitsa akufuna abweze kaye ndalama yake ya belolo. Ndiye pali njira ziwiri, kaya mulawirire mupeze chabwino koma mulipire bwino, kaya mubwere chakumadzulo kapena patatha masiku angapo pomwe zotsala zaunjikidwa pansi pa mtengo umodzi, apo ndiye mufunika kuleza mtima ndi kuwerama kwenikweni. Zovala za ana, masikipa ovala pakhomo ndi nsalu zofunda, ine ndimati dikirani za pansizo. Jekete yabwino kapena nsapato yakuntchito, lawirirani basi.

Chinanso chomwe chimathandiza ndi kukhala ndi venda wako. Mukapeza mayi kapena mnyamata amene amakhala ndi belo la zimene mumakonda, tengani nambala yake, muuzeni saizi yanu, azikuimbirani kapena kukutumizirani zithunzi pa WhatsApp akamatsegula lina. Ambiri amavomera bola inunso muzioneka, osati kumuuza akusungireni diresi kenako nkuzimitsa foni.

Masiku a mwezi nawonso ndi nkhani. Kumapeto kwa mwezi anthu alandira, msika umadzaza ndipo palibe amene angakutsitsireni kwambiri poti akudziwa kuti mukachoka kubwera wina. Pitani pakati pa mwezi. Disembala yense ndi wodula chifukwa cha Khirisimasi, koma Januwale anthu ali kalikiliki ndi fizi ndi feteleza, msika umakhala zii, apo ndiye venda amakumverani. Majuzi ndi majekete musamagule mu Meyi kapena Juni chiperoni chitayamba, gulani mu Okutobala kukutentha pomwe palibe akuwafuna, musunge mu sutikesi. Mashopu a DAPP nawo ali ndi kachitidwe kawo, katundu watsopano akafika mtengo umayambira pamwamba nkumatsika masiku akamapita mpaka abweretse wina, ndiye ingofunsani ogulitsa kuti watsopano alowa liti komanso tsiku lotchipitsitsa ndi liti, amakuuzani bwinobwino. Kumeneko kulibe zonenerera, mtengo ndi womwe walembedwawo, koma ubwino wake zovala zili pa hang'ala ndipo mumasankha mosapanikizana.

Tsopano posankhapo, apa ndiye pamene ambiri amalira akafika kunyumba. Chovala chilichonse chitembenuzeni kaye. Yang'anani m'khwapa, pakolala, pakati pa miyendo ngati ndi jini chifukwa ndi pomwe pamayamba kutha, kokani zipi kukwera ndi kutsika, werengani mabatani. Chikwezeni kudzuwa, timabowo tating'ono timaonekera pompo. Banga la mafuta kapena la inki musadzinamize kuti lichoka ndi sopo, nthawi zambiri ndi lomwe linachititsa mwini wake kuchitaya. Saizi yolembedwa pa kolala musaikhulupirire kwambiri poti belo limasakaniza za ku UK, za ku America ndi za kwina ndipo manambala awo safanana, bola kuyeza. Buluku ngati palibe poyesera, mangani batani lake nkuzunguliza chiuno chake pakhosi panu, nsonga zikakumana bwino nthawi zambiri likukwanani. Za ana, yezani phazi la mwana ndi kachingwe kunyumba nkukatenga kachingweko, muwonjezereko pang'ono poti ana sachedwa kukula. Nsapato samalani nazo, zimachapidwa nkupakidwa polishi mpaka kuwala, ndiye ipindeni pang'ono muone ngati pansi pake sipakumatuka, lowetsani dzanja mkati mumve ngati chidendene sichinadyeke, ndipo onetsetsani kuti zonse ziwiri ndi saizi imodzi, zimachitika ndithu kupita kunyumba ndi 41 ndi 42.

Chovala chikakhala chachikulu koma nsalu yake ndi yabwino, tengani. Matelala apakhonde ali paliponse mu Limbe, amachibweza mukudikira pa mtengo wochepa. Chaching'ono ndiye chisiyeni ngakhale chikongole bwanji. Mukafika kunyumba musavale musanachape, nyikani m'madzi a sopo, yanikani padzuwa, kenako sitani mbali zonse, kununkhira kwa belo kuja kumachoka ndipo simbi imaphanso mazira a ntchentche ija ya mphutsi ngati munayanika panja.

Pa zonenerera, funsani mtengo musanaonetse kuti chakusangalatsani. Tengani zinthu zitatu zinayi kwa munthu mmodzi nkufunsa mtengo wa zonse pamodzi, amatsitsa mosavuta kusiyana ndi chimodzi chimodzi. Khalani ndi ndalama zosinthasintha m'matumba osiyana, osatulutsa mpukutu wonse pagulu, foni ikhale kutsogolo, chikwama pamimba chifukwa opisa m'matumba amakonda pomwe anthu aunjikana pa belo latsopano. Ngati mulipira pa Airtel Money kapena Mpamba gwirizanani kaye za yotapira. Koma chonde nenererani mwaulemu. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mabelo anakwera koopsa, mpaka kumayambiriro kwa 2025 ogulitsa kaunjika anachita zionetsero ku Lilongwe ndi ku Blantyre kudandaula zomwezi, ndiye mayi akakuuzani kuti "apa ndiye pomaliza achimwene" kawiri konse, mwina akunena zoona, kaya tengani kaya thokozani muzipita.

Mukatha za msika ku Limbe, kwerani minibasi ya Highway yolowera m'tauni mutsike pa Chichiri. Anthu timadutsa pa Museum tsiku ndi tsiku koma ambiri tinalowamo komaliza tili ku pulayimale, ena sanalowemo nkomwe. Ndalama yolowera ndi yochepa, panja pali injini yakale ya sitima ndi magalimoto akale zomwe ana amazikonda, mkati muli zipangizo za makolo, zoimbira, ndalama zakale. Kufupi komweko kuli Blantyre Cultural Centre, pomwe kale tinkati pa French, bwalo lomwe ladutsapo zisudzo, alakatuli ndi oimba ambirimbiri a dziko lino. Ndipo pa Trade Fair pomwepo pa Chichiri, chaka ndi chaka a bungwe la amalonda la MCCCI amakonza chionetsero cha zamalonda, kumabwera osoka zovala, opanga nsapato ndi zikwama zachikopa, ogulitsa zitenje, ena ochokera kunja. Langizo langa apa ndi loti mupiteko kawiri ngati mungathe, koyamba kukangoona ndi kufunsa mitengo, kenako tsiku lotsekera masana, poti wochokera kutali safuna kubwerera ndi katundu ndiye amatsitsa yekha. Chitenje chikhudzeni, cholimba kwambiri ngati pepala nthawi zambiri ndi sitachi chabe, chikachapidwa kamodzi chimasanduka chopepuka, ndipo mukapaka kansalu koyera konyowa pakona pake mudziwa ngati chimasuluka.

Kuchoka apo pitani ku Mandala. Nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882 ndi a African Lakes, ndipo ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zomwe zidakaimabe m'Malawi muno, pansi pake pali La Caverna pomwe pamakhala zojambula ndi ziboliboli za amisiri akuno kwathu, m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi. Ambiri amaopa kulowa, amaganiza kuti ndi malo a azungu kapena kuti akalowa akakamizidwa kugula. Ayi ndithu, lowani, perekani moni, yendani pang'onopang'ono muziona. Kuona sikulipiritsa. Jacaranda Cultural Centre nayo imakhala ndi zionetsero za zojambula, oimba ndi mafilimu, KwaHaraba imadziwika ndi zojambula komanso madzulo a ndakatulo. Malo ngati amenewa nthawi zawo zimasintha ndipo ena Loweruka amatseka msanga, ndiye onani kaye tsamba lawo la Facebook kapena imbani musanawononge thiransipoti. Njira yosavuta yodziwira zochitika ndi kutsatira masamba amenewa, kuwerenga masamba a zamsangulutso mu nyuzi za The Nation ndi The Daily Times cha kumapeto kwa sabata, komanso mukapita kamodzi funsani woimba kapena wojambula aliyense kuti akulowetseni pa gulu la WhatsApp, mukalowa limodzi mapositala azikupezani okha. Chakumapeto kwa chaka khalani tcheru ndi Blantyre Arts Festival yomwe inayamba mu 2009, ndipo ngati mungakwanitse ulendo wa ku Dowa, Tumaini Festival ya ku Dzaleka yomwe inayamba mu 2014 kulowa kwake ndi kwaulere.

Tsiku labwino kupita ku chionetsero cha zojambula ndi lotsegulira, chifukwa mwini zojambulazo amakhalapo ndipo mutha kucheza naye. Mufunseni kuti chithunzichi chinamutengera nthawi yaitali bwanji, anagwiritsa ntchito penti wanji, ankaganiza chani, ojambula ambiri amasangalala munthu akafunsa. Mukaona kadontho kofiira pambali pa chithunzi ndiye kuti chagulidwa kale. Musanajambule ndi foni pemphani kaye, ndipo mukaika pa intaneti tchulani dzina la mwini wake, ntchito imeneyo ndi yake ndipo malamulo a zaumwini amene a bungwe la COSOMA amayang'anira amaiteteza.

Apa ndiye pali nkhani yomwe imandiwawa. Chizolowezi cha pa kaunjika tisamapite nacho kwa wojambula. Munthu wagula kanvasi ndi penti zochokera kunja pa dola yovutayi, wakhala masabata akujambula, malo oonetserawo atengapo gawo lawo, ndiye inu mufike nkumuuza kuti "ndikupatsa theka". Ambiri amalola chifukwa cha lendi, koma mawa lake amasiya kujambula nkukayamba geni ina, kenako ife tomwe timadandaula kuti luso m'Malawi mulibe. Ngati ndalama yachepa nenani chilungamo, funsani ngati ali ndi kachithunzi kakang'ono, kapena zosindikiza, kapena makadi, kapena ngati angalole kuti muzilipira pang'onopang'ono nkudzatenga mukamaliza. Muthanso kumuuza ndalama yomwe muli nayo kuti akujambulireni cholingana nayo. Mukagula onetsetsani kuti wasainira ndi kulemba chaka, ndipo ngati mukupita nacho kutali, monga abale athu a ku Johannesburg kapena ku UK amene amafuna kanthu kakumudzi pakhoma, apempheni achichotse pa thabwa achikulunge penti ili kunja, osachipinda. Chimodzimodzi achinyamata osoka zovala zawozawo amene amabwera ndi matebulo pa zochitikazi, diresi limene wakhala nalo pa makina masiku awiri silingafanane mtengo ndi la m'belo.

Kwa anyamata a ziboliboli a m'misewu ya m'tauni kunenerera kulipo, iwonso amayamba ndi mtengo wapamwamba akudziwa kuti mutsitsa. Chofunika ndi kudziwa chomwe mukugula. Phingo weniweni ndi wolemera, ndipo mukatembenuza pansi pake nkukanda pang'ono ndi chikhadabo mkati mumakhalabe mwakuda, pomwe mtengo wamba wopakidwa polishi wa nsapato umayera pompo ndipo umasiya zakuda m'manja. Palibe cholakwika kugula wopakidwawo bola mulipire mtengo wake. Timabokosi tonunkhira ta mkungudza wa ku Mulanje tokha musagule ngakhale akutsitsireni bwanji, mtengo umenewu ndi wa fuko lathu ndipo m'phiri muja watsala pang'ono kutheratu.

Za kubwerera kunyumba muziganiziretu, zoimba ndi ndakatulo zambiri zimayamba mochedwa kusiyana ndi nthawi ya pa positala ndipo minibasi zimasowa kukada. Patulani ya thiransipoti musanayambe kugula chilichonse, muiike thumba lina, ndipo ngati mukhala mpaka usiku panganani ndi anzanu awiri atatu a dera limodzi musonkherane takisi ya munthu amene mukumudziwa, mutengeretu nambala yake masana.