Momwe Mungagulire Puloti Yomangapo Nyumba M'dera Lolowera ku Bwalo la Ndege

Mzinda ukayamba kukula mofulumira umakonda kutsata msewu wabwino, ndipo msewu wopita ku bwalo la ndege ndi umodzi mwa misewu imene maboma amaisamala kwambiri chifukwa ndiwo umene alendo amayamba kuona akangotsika. Mahotela, maofesi ndi nyumba zosungiramo katundu zimamangidwa m'mbali mwake, ofuna ntchito amasamukira komweko, ndipo minda imene inkalimidwa dzana imayamba kudulidwa mapuloti. Ogulitsa malo amazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake mawu akuti "pafupi ndi bwalo la ndege" sasowa m'malonda awo. Koma mapuloti awiri angathe kukhala pa mtunda wofanana kuchokera pachipata cha bwalo, ina ili pamalo abata pomwe inzake ili pansi penipeni pa njira imene ndege zimadutsa, kapenanso pamalo amene bwalolo lidzawatenga likamadzakuzidwa. Wogulitsa amakamba za tsogolo, koma inu muyenera kugula potengera zimene mwaona ndi maso, mwamva ndi makutu, komanso mwawerenga m'zikalata za boma.

Choyamba: onani mapu musanapite kukaona malowo

Tsegulani zithunzi za m'mwamba pa Google Maps kapena pulogalamu ina yotere, ndipo pezani msewu umene ndege zimathamangapo ponyamuka ndi potera. M'maganizo mwanu, kapena ndi rula papepala, talikitsani mzere wa msewuwo mbali zonse ziwiri kwa makilomita 10 kapena kuposerapo, kenako onani pamene puloti imene mukuifunayo yagwera. Chofunika kwambiri ndi chimenechi, osati mtunda wopita pachipata. Manambala akuluakulu olembedwa kumapeto kwa msewuwo amasonyeza kumene walunjika: 09 ndi kum'mawa, 27 ndi kumadzulo, 18 ndi kumwera, 36 ndi kumpoto.

Ndege ikamatera imatsika pang'onopang'ono motsata mzere wopendekeka ndi madigiri pafupifupi 3. Izi zikutanthauza kuti ikatsala ndi kilomita imodzi kuti igunde pansi imakhala pa mamita pafupifupi 50 m'mwamba, ndipo ikatsala ndi makilomita 5 imakhala pa mamita pafupifupi 260 okha. Choncho nyumba imene ili pa makilomita 5 koma pansi pa mzerewo ingamve phokoso lalikulu kuposa imene ili pa makilomita 2 cham'mbali mwa bwalo. Kumbukiraninso kuti ndege zimanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, motero mbali imene ili chete mwezi uno ingadzakhale yaphokoso mphepo ikatembenuka nyengo ina.

Chachiwiri: pitani mukamve nokha, ndipo mupite kangapo

Ulendo umodzi wa masana, pa ola limene wogulitsa wasankha yekha, sungakuuzeni zoona. Pitani m'mawa kwambiri, pitani madzulo, ndipo ngati n'kotetezeka pitaninso usiku, chifukwa ndege zambiri zonyamula katundu zimayenda nthawi imene anthu ali m'tulo. Pulogalamu ya pafoni monga Flightradar24 ingakuonetseni njira zimene ndege zikudutsa komanso kutalika kwake. Chezani ndi anthu amene akhala m'deralo kwa zaka zingapo, makamaka amene alibe chimene akugulitsa, ndipo muwafunse ngati amadzidzimuka usiku kapena ngati amayamba aleka kulankhula kuti ndege idutse.

Nkhani ya phokoso anthu ambiri amaipeputsa ponena kuti munthu amazolowera, koma ine sindikuona kuti ndi nkhani yoipeputsa. Mu 2018 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a mayiko a ku Ulaya onena kuti phokoso la ndege, likawerengedwa mongoyerekeza pa tsiku lonse, lisamapitirire madesibelo 45 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo usiku lisamapitirire 40, chifukwa kupitirira apo limasokoneza tulo ndi thanzi. Ku America, dera limene phokoso lake limafika madesibelo 65 pa muyeso wawo limaonedwa kuti si loyenera nyumba zogonamo. Mabwalo ambiri akuluakulu ali ndi mapu osonyeza madera a phokoso, ndipo ndi bwino kuwapempha. Dziwaninso kuti bata la lero si lonjezo, pakuti mzinda umene ukukula umakoka ndege zambiri, ndipo kukula kumene kukukweza mtengo wa puloti yanu n'komwenso kudzachulukitse phokoso pamwamba pa denga lanu.

Chachitatu: funsani kwa oyang'anira bwalo za malire ndi mapulani awo

Apa ndi pamene anthu ambiri ataya chuma chawo chonse. Mpanda wa bwalo la ndege si malire a malo ake nthawi zonse, chifukwa mabwalo ambiri anasungiratu malo aakulu kunja kwa mpanda kuti adzamangepo msewu wachiwiri wa ndege kapena nyumba zatsopano, ndipo malo oterewa amaoneka ngati thengo lopanda mwini kwa zaka zambiri. Akathyali amawadula mapuloti n'kuwagulitsa ndi zikalata zooneka bwino. Mu November 2011, nyumba zambiri zinagwetsedwa ku Syokimau, pafupi ndi bwalo la Jomo Kenyatta ku Nairobi, bungwe loyang'anira mabwalo a ndege m'dziko la Kenya litanena kuti malowo ndi ake, ndipo ambiri mwa eni nyumbazo anali ndi mapepala amene ankakhulupirira kuti ndi enieni. Ngakhale amene ali ndi umwini wosakayikitsa sakhala ndi mtendere wonse: anthu a m'mudzi wa Harmondsworth, pafupi ndi bwalo la Heathrow ku London, akhala zaka zambiri ali ndi nkhawa chifukwa cha mapulani omanga msewu wachitatu wa ndege umene ungadutse pa nyumba zawo.

Choncho lembani kalata kwa oyang'anira bwalo, tchulani nambala ya puloti ndi pamene ili, ndipo funsani zinthu ziwiri: ngati ili kunja kwa malo awo, komanso ngati mapulani okuza bwalolo akuikhudza. Limbikirani kuti yankho likhale lolembedwa. Boma likamatenga malo, kawirikawiri chipukutamisozi chimapita kwa mwini wovomerezeka amene anamanga motsata malamulo, osati kwa amene ali ndi risiti ya wogulitsa basi.

Chachinayi: pitani ku khonsolo ya mzinda

Ku nthambi yoona za mapulani a mzinda, funsani ngati deralo linapatulidwa kuti likhale la nyumba zogonamo. M'mbali mwa msewu wa ku bwalo la ndege, malo ambiri amasungidwira mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu, ndipo mukagula oterowo pulani ya nyumba yanu ingakanidwe, kapena mudzapezeka mukukhala pakati pa malole ochezera kulira usiku wonse. Funsaninso kukula kwa malo amene anasiyidwira msewu, chifukwa misewu yotere imakuzidwa mzinda ukamakula, ndipo puloti yogundana ndi msewu, yomwenso imakhala yokwera mtengo, ndiyo imayamba kudulidwa.

Palinso malire a kutalika kwa zomanga. Mayiko ambiri amatsata miyeso ya bungwe la ICAO, loona za maulendo a ndege padziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Montreal. Pa mabwalo akuluakulu, miyesoyi imafuna kuti m'dera la makilomita 4 kuzungulira msewu wa ndege musakhale chinthu chotalika kuposa mamita 45 kuchokera pa mulingo wa bwalolo, ndipo moyang'anizana ndi mapeto a msewuwo malirewo amayambira pansi n'kumakwera ndi mamita pafupifupi 2 pa mamita 100 alionse. Kwa nyumba wamba yomwe ili patali izi sizivuta, koma ngati puloti ili pachitunda kapena pafupi ndi mapeto a msewu wa ndege, nyumba yosanja, thanki ya madzi ya pansanja, ngakhale mtengo wautali zingaletsedwe. Ngati mukuganiza zodzakumba dziwe la nsomba, funsiranitu, popeza mbalame zingachititse ngozi ya ndege, motero zinthu zokoka mbalame zimayang'aniridwa mpaka makilomita 13 kuchokera pabwalo.

Chachisanu: tsimikizani mwini wake

Musadalire chikalata chimene wogulitsa wakupatsani, ngakhale chikhale ndi zidindo zingati. Tengani nambala yake mupite nokha, kapena mutume loya amene mwamusankha inuyo, ku ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo, kuti mukaone dzina lolembedwa pamalowo ndi kulifananitsa ndi chiphaso cha wogulitsa. Kafukufuku yemweyo adzaonetsa ngati malowo anaperekedwa ngati chikole cha ngongole ku banki, kapena ngati wina anaikapo chiletso chifukwa cha mlandu. Ngati ndi malo a lizi, onani zaka zimene zatsala ndi zimene mgwirizano wa liziyo umalola. Ngati mwini wake anamwalira, wogulitsa aonetse chilolezo cha khoti chomupatsa mphamvu yoyang'anira chuma cha masiye, ndipo ngati malowo ndi a banja kapena a anthu angapo, onse oyenera avomere molemba.

M'madera amene akukula mofulumira, vuto lofala ndi la munda waukulu umene ukugulitsidwa m'zidutswa usanagawidwe mwalamulo. Wogula amalandira nambala ya puloti yopezeka pa pepala la kampani yokha, pomwe m'kaundula wa boma malo onsewo akadali chinthu chimodzi m'dzina la munthu wina, mwinanso ali pa chikole. Funsani pulani yogawa malo yovomerezedwa ndi khonsolo, ndipo ngati palibe, dikirani. Dobadoba akakuuzani kuti pali wina amene akubwera ndi ndalama mawa, musatekeseke, pakuti safunsa anadya phula.

Chachisanu ndi chimodzi: pimitsani malowo

Lembani ntchito wopima malo wovomerezeka kuti apeze mabikoni osonyeza malire a puloti ndi kutsimikiza kuti malo amene munaonetsedwa ndi omwewo amene ali pa chikalata, komanso kuti kukula kwake n'kofanana. Ngati mungathe, kaoneni malowo mvula itagwa, chifukwa mabwalo a ndege amamangidwa pamalo athyathyathya, ndipo madzi ochoka pa phula ndi konkire yambiri chotero amathamangira kumalo otsika oyandikana nawo. Za madzi a m'mipope, magetsi ndi msewu wolowera, funsani ku mabungwe opereka zinthuzo, osati kwa wogulitsa.

Chomaliza: mgwirizano, malipiro ndi kusintha dzina

Mgwirizano ulembedwe ndi loya, utchule nambala ndi kukula kwa puloti, mtengo wonse, tsiku losinthira umwini, amene adzalipire misonkho ndi ngongole zakale za malowo, komanso kuti ndalama zanu zidzabwezedwa ngati umwini ulephera kusinthika. Lipirani kudzera ku banki kuti pakhale umboni, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo lisungidwe ndi loya mpaka zikalata zosinthira umwini zitasainidwa ndi kuperekedwa ku kaundula. Pakapita masabata angapo, chitaninso kafukufuku kuti muone ndi maso anu kuti dzina lanu lalowa, kenako ikani mpanda kapena chizindikiro pamalopo, ndipo onani ngati pali nthawi imene malamulo akufuna kuti mukhale mutamanga.

Pokonza pulani ya nyumba, muuzeni wojambula mbali imene ndege zimadutsa. Phokoso la ndege limachokera kumwamba, motero mpanda wautali suthandiza kwenikweni. Chimene chimathandiza ndi siling'i yochindikala yokhala ndi zotchinga phokoso pansi pa denga, mawindo a magalasi awiri otsekeka bwino, ndi zipinda zogona zoikidwa kumbali yotalikirana ndi njira ya ndege. Zimenezi zimawonjezera mtengo womangira, choncho ziwerengereni pamodzi ndi mtengo wa puloti musanasaine mgwirizano.