Mmene mungaonere nyerere zikudzala mbewu pakhomo panu

Ambirife kuno ku Mzuzu tikaona nyerere zandanda pakhonde timathamangira phulusa kapena mankhwala, chonsecho mitundu ina ya nyerere imagwira ntchito yodzala mbewu. Padziko lonse pali mitundu ya zomera yoposa 11,000 imene njere zake zimanyamulidwa ndi nyerere, ndipo yambiri ili ku Australia ndi kuchigawo cha Cape ku South Africa. Njere zotere zimakhala ndi kotupa koyera kamafuta kumutu kwake, kamene akatswiri amakatcha elaiosome. Nyerere zimakokera njere yonse kuuna kwawo, zimadyetsa mphutsi zawo kamafutako, kenako njereyo zimaisiya yamoyo m'nthaka kapena padzala lawo. Mphunzitsi, mlimi ngakhale mwana wa sukulu angathe kudzionera zimenezi popanda zipangizo zodula.

Choyamba ndi kupeza njere, ndipo apa ndi pamene ntchito yonse imayendera kapena kufera. Mbewu ziwiri zimene tili nazo pafupi ndi nsatsi ndi chinangwa, pakuti zonse zili ndi kamafuta kaja. Ine ndinayamba ndi nsatsi zogula kwa wogulitsa mankhwala azitsamba wina pamsika, amene anandilumbirira kuti anathyola sabata yomweyo. Zinali zokongola, zonyezimira, koma nyerere zinkangozinunkhiza n'kupitirira ngati zakumana ndi timiyala. Nditaziyang'anitsitsa ndinapeza kuti kamafuta kanali katauma gwa, ndipo pa njere zambiri kanali katathothoka kale chifukwa chokhalitsa m'thumba. Nyerere zimakopeka ndi mafuta a kachinthuko akadali atsopano. Akauma, njereyo ilibenso malipiro oti ziinyamulire. Choncho musataye ndalama zanu, ngakhale mtengo wake utaoneka wotsika. Nsatsi zimamera zokha m'mabwinja, m'mbali mwa madzala ndi m'madambo a ku Chibavi kapena Mchengautuba. Thyolani zipatso zimene zayamba kuuma koma sizinaphulike, muziike m'kathumba ka pepala padzuwa, ndipo mudzamva zikuthetheka zokha. Gwiritsani ntchito njerezo tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Sankhani nsatsi za njere zing'onozing'ono, chifukwa zikuluzikulu zimalemera ndipo nyerere zimangodya kamafutako pomwepo. Amene ali ndi abale ku Nkhata Bay angapemphe njere za chinangwa chimene chakhalitsa m'munda mpaka kubala tizipatso. Kumbukirani kuti njere za nsatsi ndi poizoni woopsa, kotero ana asazigwire okha ndipo asaziike m'kamwa.

Kenako gawani njerezo pawiri. Gawo limodzi mulisiye mmene lilili, lina mulichotse kamafutako ndi lezala, popanda kuvulaza khungu la njere. Donthezani penti pang'ono pa njere iliyonse, mtundu wina gawo ili, wina gawo linalo, ndipo mudikire fungo lithe. Ena amagwiritsa ntchito utoto wopaka zikhadabo, umene ndi wotsika mtengo ndipo umauma msanga.

Pezani una wa nyerere zikuluzikulu zimene zimayenda imodziimodzi pofuna chakudya. Linthumbu ndi chiswe n'zosathandiza pantchitoyi. Ikani njere pakakatoni, mita imodzi kuchokera pa una, ndipo muvundikire ndi waya wa khola la nkhuku kuti nkhuku ndi mbalame zisakusokonezeni. Sankhani tsiku lofunda ndi louma, chifukwa m'kuzizira kwa Juni ndi Julayi, kapena m'mvula yamawawa ya kuno, nyerere sizituluka kwenikweni. Mukakhala phee mudzaona nyerere ikugunda njere ndi tinyanga take, n'kuluma pa kamafuta paja, n'kuyamba kukoka chobwerera m'mbuyo, njereyo ikukodwa m'timaudzu. Nyerere zikakhala zoyenera, njere zokhala ndi kamafuta ndi zimene zimayamba kutha.

Mtunda umene njere imayenda ndi waufupi, kawirikawiri mita imodzi kapena ziwiri, koma phindu lake ndi lalikulu. Njere yolowa m'nthaka imapulumuka kwa mbewa, siipsa ndi moto wolusa wa m'chilimwe, imachoka pamthunzi wa mayi wake, ndipo nthawi zambiri imagwera pa nthaka ya chonde cha zinyalala za nyerere. Umboni wake unaoneka ku Cape, kumene nyerere zochokera ku Argentina zinapirikitsa nyerere za komweko. Zobwerazo zimadya kamafuta osakwirira njere, ndipo mu 1984 akatswiri William Bond ndi Peter Slingsby anasonyeza kuti m'malo amene zinalowerera, mbande za chitsamba cha Mimetes cucullatus zinamera zochepa kwambiri moto utadutsa. N'chifukwa chake ndimaona kuti kuthira mankhwala pa una uliwonse wa kutchire n'kuwononga, pokhapokha nyererezo zikulowa m'nyumba.

Zotsalazo n'zosavuta. Lembani kuchuluka kwa njere zimene zatengedwa pagawo lililonse, zikani kamtengo pafupi ndi una, ndipo musaukumbe. Mvula ikayamba mu Disembala, pitani mukaone ngati pamera nsatsi, ndipo muzizule zisanabale ngati pakhomopo pali ana kapena ziweto.