Geji ya kutentha kwa giyabokosi pa motorhome: iyezeni kaye musanagule ina

Motorhome ili ngati nkhono, imayenda ndi nyumba yake. Bedi, khitchini, thanki ya madzi ndi mabotolo a gasi satsitsidwa, choncho giyabokosi yake ya otomatiki imakoka katundu wolemera tsiku lililonse. Magalimoto amenewa ndi ochuluka ku America, ku Ulaya ndi ku Australia. Kuno timawaona ndi alendo odzaona nyanja, ena atachita kusandutsa Toyota Coaster kapena Hiace, ndipo akawonongeka panjira amathera m'manja mwa amakaniko athu. Chimene chimapha giyabokosi zotere kawirikawiri ndi kutentha, ndiye geji yosonyeza kutenthako iyenera kunena zoona.

Oyilo wa giyabokosi, uja timati ATF, amagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 80 ndi 95 a Celsius. Akamakhalitsa pamwamba pa 110 amatha mphamvu msanga. Akapitirira 120, malabala otseka oyilo amauma ndipo ma clutch a mkati amayamba kuterereka. Galimoto ikakhala yochokera ku America, yang'anani bwino, chifukwa geji yake imawerenga mu Fahrenheit: 200 pamenepo ndi madigiri 93 athu, 250 ndi 121. Musachite mantha ndi nambala yomwe ili bwinobwino.

Geji zambiri zokhala ndi kamuvi zimadalira sensa ya waya umodzi yomwe imamangidwa pa giyabokosi. Oyilo akamatentha, sensayo imalola magetsi ambiri kudutsa kupita ku ethi, kutanthauza chitsulo cha galimoto, ndipo kamuvi kamakwera. Mukamvetsa zimenezi, kuyeza sikuvuta. Tsegulani kiyi, chotsani waya pa sensa. Kamuvi kayenera kugwera pansi. Kenako gunditsani wayawo ku chitsulo choyera cha galimoto kwa kamphindi chabe, kamuvi kayenera kuthamangira kumapeto. Zonse ziwiri zikachitika, geji ndi waya zili bwino, wokayikitsa ndi sensa. Koma chonde, musayese zimenezi pa mawaya opita ku kompyuta ya giyabokosi. Njira iyi ndi ya geji yoima payokha basi.

Kamuvi kakapanda kugwedezeka n'komwe, yambani ndi fyuzi ndi magetsi ofika kuseri kwa geji. Kakamakwera mpaka kumapeto injini isanatenthe, ndiye kuti waya wasupuka penapake ndipo ukukhudza chitsulo, makamaka pafupi ndi ekizozi. Kakamadumpha mukayatsa magetsi kapena fani, ethi ya geji ndi yofooka.

Vuto limene ndimaliopa kwambiri ndi dzimbiri pa malo olumikizira waya. Pa motorhome zina zazikulu injini imakhala kumbuyo, ndipo wayawo umayenda galimoto yonse kuti ufike kwa dalaivala, kudutsa m'matope ndi m'madzi. Dzimbiri limachepetsa magetsi odutsa, ndiye geji imaonetsa kutentha kochepa kuposa kwenikweni. Dalaivala amakwera chitunda mtima uli m'malo, oyilo akupsa. Zomwezo zimachitika wina akakulunga tepi yoyera ya apulambala pa mazinga a sensa ya waya umodzi. Sensayo imapeza ethi kudzera m'mazinga omwewo, ndipo tepi imatchinga njira.

Sensa mungaiyeze kukhitchini. Ilumikizeni ku waya wake, mumange waya wina kuchoka pa thupi lake kupita ku chitsulo cha galimoto, muviike nsonga yake m'madzi amene angophulidwa kumene akuwira. Musadabwe geji ikapanda kufika pa 100. Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo kumeneko madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97. Amene ali ndi chipangizo choyezera kutentha cholozera patali akhoza kuloza pa beseni la oyilo la pansi pa giyabokosi galimoto itayenda, n'kufananiza ndi geji.

Mukatsimikiza kuti pakufunika zatsopano, gulani geji ndi sensa yake limodzi. Sensa ya kampani ya VDO pa geji ya kampani ya Auto Meter imalowa ndithu, kamuvi n'kumayenda, koma manambala ake amakhala abodza. Onaninso magetsi: ma Coaster ambiri a dizilo ndi a mavoti 24, pamene geji zambiri za m'sitolo ndi za 12. Mazinga a sensa a mtundu wa 1/8 NPT ndi a M10 amaoneka ofanana koma si amodzi, ndipo mukakakamiza mung'amba aluminiyamu ya giyabokosi.

Funso lalikulu ndi malo oika sensa. Mu beseni la pansi mumaona kutentha kwa oyilo wochuluka, ndipo kamuvi kamasintha pang'onopang'ono. Pa paipi yotuluka kupita ku cooler, chipangizo choziziritsa oyilo chimene nthawi zambiri chimakhala mu rediyeta, ndi pamene oyilo amakhala wotentha kwambiri, chifukwa akungochoka mu torque converter, chipangizo chodzaza oyilo cholumikiza injini ndi giyabokosi. Ineyo ndimalangiza pamenepa kwa oyenda m'mapiri, popeza chenjezo limafika msanga, bola mudziwe kuti nambala ya pamenepo imaposa ya mu beseni. Paipi yobwerera kuchokera ku cooler ipeweni, imakuonetsani oyilo wozizira kale.

Magalimoto atsopano ali kale ndi sensa mkati mwa giyabokosi, ndipo kompyuta imaiwerenga. Kachipangizo ka ELM327 kolowetsa pa soketi ya OBD-II, imene inakhazikitsidwa ku America kuyambira 1996, kakhoza kutumiza nambalayo ku foni, kapena mungaike pa dashibodi kachipangizo koonetsa manambalawo kotchedwa ScanGauge. Palibe kuboola kapena kudula paipi. Kungoti kuti kachipangizoko kawerenge kutentha kwa giyabokosi, kamafuna kuti mulowetsemo nambala yapadera ya kampani yopanga galimotoyo, ndipo magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan samvana ndi tizipangizoti. Yesani musanalipire.

Nanga geji ikapezeka kuti ikunena zoona? Pokwera Chiweta, kapena Thabwa pochokera ku Chikwawa mu Okutobala, tsitsani giya ndi dzanja kuti injini izungulire msanga ndipo torque converter isaterereke kwambiri. Kamuvi kakayandikira 120, imani pamalo abwino, ikani pa P, koma musazimitse injini. Isiyeni ilire kuti oyilo azizungulira mpaka nambala itsike. Mukatero onani mlingo ndi mtundu wa oyilo. Wabulauni wonunkha chopsereza asinthidwe. Wooneka ngati wasakanizika ndi mkaka ndiye kuti madzi a mu rediyeta alowa, ndipo galimotoyo isayendenso mpaka itakonzedwa. Ngati oyilo ali bwino koma kutentha kumabwerabe pa chitunda chilichonse, tsukani zipsepse za rediyeta, kenako onjezerani cooler ina kutsogolo kwake, ndipo muilumikize kuti oyilo azidutsa kaye mu rediyeta asanalowe mu yatsopanoyo.